Maphunziro a Pambuyo pa Udokotala pa Sayansi ya Ulimi ndi Funso la Chinangwa cha ku Chintheche

Mwa magawo onse a maphunziro a zaulimi, gawo limene silidziwika kwenikweni m'Malawi muno ndi lija limene munthu amalowamo atatenga kale digiri ya udokotala, yomwe imatchedwa PhD. Gawoli limadziwika ndi dzina loti postdoc, ndipo pamathero pake sipakhala digiri ina iliyonse, popeza ndi nyengo chabe ya chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu imene katswiri wongomaliza kumene maphunziro amapatsidwa malipiro, ndalama zoyendetsera kafukufuku ndiponso mkulu womuunikira, kuti azolowere kuima payekha. Pochita udokotala munthu nthawi zambiri amayankha funso limene aphunzitsi ake adamuthandiza kusankha, pomwe m'nyengo yotsatirayi amayembekezeka kupeza yekha funso loyenera kufufuza, kulemba pempho la ndalama, kusindikiza zotsatira m'magazini a akatswiri ndi kuyamba kuyang'anira ophunzira a digiri ya masitazi. Ndalama zolipirira nyengoyi kawirikawiri zimabwera mwa njira ya fellowship, kutanthauza thandizo lopikisanirana limene limaperekedwa m'dzina la munthu mwiniyo, ngakhale kuti pamafunika sukulu ya ukachenjede kapena malo a kafukufuku omulandira.

Nkhani yotere ingaoneke ngati ya ku Lilongwe ndi ku maiko akunja kokha, koma phindu lake kapena kuperewera kwake kumaonekera bwino m'dera ngati Chintheche, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay. Kumeneko chakudya chodalirika ndi kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, imene imadyedwa ndi usipa, batala kapena chigwada, ndipo ulimi wa derali ndi wosiyana kwambiri ndi ulimi wa chimanga umene ndondomeko zambiri za boma zimatsamirapo. M'bomali muli mpunga wa ku Limphasa, tiyi wa ku Kawalazi ndi mphira wa ku Vizara, komanso muli malo a kafukufuku a Mkondezi, amene ali pansi pa nthambi ya boma yoona za kafukufuku wa zaulimi, yodziwika ndi dzina lachidule loti DARS. Ndi deranso limene lidalawa sukulu msanga, chifukwa mishoni ya Livingstonia idasamukira ku Bandawe mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, ndipo kuyambira pamenepo Atonga ambiri ophunzira adapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Southern Rhodesia. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndi mmodzi wodziwika mwa iwo. Minda ya chinangwa idatsala m'manja mwa amayi, ndipo funso loti ophunzira a derali amathera kuti ndi lakale kuposa sayansi ya ulimi ya masiku ano.

Zochitika ziwiri za m'boma lomweli zikuonetsa bwino zimene katswiri wachinyamata angachite akapatsidwa mpata. Choyamba ndi mliri wa kodikodi, tizilombo toyera toyamwa madzi kunsonga za chinangwa mpaka masamba kukwinyika ndi mbewu kupinimbira. Tizilomboti tidachokera ku South America, tidaoneka ku Congo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 tidali titalowa m'minda ya ku Nkhata Bay, kumene tidabweretsa njala yoopsa pakati pa anthu amene adalibe mbewu ina yothawirako. Yankho lake lidachokera ku ntchito imene adatsogolera Hans Herren, katswiri wa tizilombo wa ku Switzerland, yemwe adatenga udokotala ku Zurich, nakachita postdoc ku University of California ku Berkeley, kenaka nalowa ntchito ku bungwe la IITA ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, mu 1979. Pogwirizana ndi akatswiri a bungwe la CIAT, kwawo kwenikweni kwa kodikodi kudapezeka ku Paraguay pamodzi ndi kamavu kakang'ono kotchedwa Apoanagyrus lopezi, kamene kamaikira mazira m'thupi la kodikodi ndi kumupha. Timavuti tidaswetsedwa tochuluka ndi kumwazidwa m'maiko ambiri a mu Afrika, Malawi ali momwemo, ndipo Herren adalandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Chofunika kuona pano ndi choti luso lothana ndi chilombo pogwiritsa ntchito mdani wake wachilengedwe adalinola m'nyengo ya postdoc, koma ntchito yeniyeniyo idatheka chifukwa pambuyo pake padali bungwe limene lidamusunga pa funso limodzi kwa zaka zoposa khumi.

Chachiwiri ndi kafukufuku wa chinangwa chowawa, amene adachitika m'midzi ya m'boma la Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990. Chinangwa chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa linamarin, amene amasanduka poizoni wa cyanide muzu ukatunduzidwa, ndipo mitundu yowawa imakhala ndi mankhwalawa ochuluka kuposa mitundu yozizira monga Mbundumali, yemwe ena amati Manyokola. Kumene chinangwa chowawa chimadyedwa chosakonzedwa bwino, makamaka m'nthawi ya chilala, kumabuka matenda opuwalitsa miyendo otchedwa konzo, monga zidachitikira m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981. Pachifukwa ichi akatswiri ambiri ankaganiza kuti ntchito yawo ndi kuchotsa mitundu yowawa m'minda ya alimi. Linley Chiwona-Karltun, Mmalawi amene adatenga udokotala ku Karolinska Institutet ku Sweden mu 2001, pamodzi ndi Jonathan Mkumbira, katswiri wopanga mbewu za chinangwa yemwe adaphunzira ku Swedish University of Agricultural Sciences, ndi anzawo ena kuphatikizapo Hans Rosling, adafunsa amayi eni minda chifukwa chimene amakondera mitundu ngati Gomani. Adapeza kuti kuwawako ndi chitetezo: wakuba sangazule chinangwa chowawa n'kudya pomwepo, anyani ndi nguluwe sizichikonda, ndipo popeza chimayenera kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo, kuyanikidwa ndi kusinjidwa, mayi ndiye amakhala ndi ulamuliro pa nthawi yokolola ndi kagwiritsidwe ntchito ka chakudya cha pabanja. Adaonetsanso kuti alimi akalawa kachidutswa ka muzu amatha kuzindikira mulingo wa poizoni mogwirizana ndithu ndi zimene zipangizo za mu labotale zimapeza. Zotsatira zotere sizikadapezeka ndi munthu wongobwera sabata ziwiri ndi mapepala a mafunso, ndipo zidasintha kaganizidwe ka opanga mbewu pa zimene mlimi wa kunyanja amafuna.

Njira zofikira pa udokotala zachulukirapo kuyambira nthawi imeneyo. Koleji ya Bunda, imene idayamba m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya University of Malawi, idasanduka maziko a yunivesite ya LUANAR potsatira lamulo la 2011, ndipo Mzuzu University, yomwe ili pafupi ndi Nkhata Bay, imaphunzitsa za nsomba ndi za nkhalango. Mgwirizano wa mayunivesite a mu Afrika wa RUFORUM, umene udakhazikitsidwa mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Makerere ku Uganda, udaika ku Bunda maphunziro a udokotala pa ulimi wa nsomba ndi pa chuma cha zaulimi otumikira chigawo chonse, ndipo mu 2016 LUANAR idapeza likulu la ukadaulo wa nsomba la AquaFish ndi ndalama za World Bank. Ku University of KwaZulu-Natal kuli African Centre for Crop Improvement, imene kuyambira 2002 yaphunzitsa opanga mbewu mwa dongosolo loti wophunzira ayambe ndi maphunziro a m'kalasi ku South Africa, kenaka abwerere kwawo kukachita kafukufuku pa mbewu za kwawo komweko. Dongosolo la BHEARD, lolipiridwa ndi USAID ndi kuyendetsedwa ndi Michigan State University, nalo lidatumiza Amalawi kukaphunzira.

Vuto lili pa tsiku limene dokotala watsopanoyo wabwerera. Wa ku yunivesite amapeza makalasi odzaza akumudikira, ndipo posachedwa amapatsidwa udindo woyang'anira dipatimenti chifukwa anthu a digiri yake ndi ochepa. Wa ku DARS amabwerera pa malo a kafukufuku pamene malipiro alipo koma mafuta a galimoto, ndalama za aganyu opalira minda yoyeserera ndi mankhwala a mu labotale zimadikira pulojekiti ya abwenzi akunja. M'kakonzedwe ka maudindo a boma ndi ka mayunivesite ambiri mulibe malo okhazikika otchedwa postdoc, choncho zaka zimene munthu amakhala ndi nzeru zatsopano ndi mphamvu zambiri zimatha ndi misonkhano, kulemba malipoti ndi maganyu a uphungu m'mabungwe omwe si aboma. Ambiri amene safuna kusiya kafukufuku amalowa m'mabungwe a CGIAR, amene ndi mgwirizano wa malo a kafukufuku wa zaulimi a padziko lonse, monga IITA, CIAT ndi ICRISAT omwe ali ndi maofesi ku Chitedze, kapena amapita kunja osabwereranso. Sikoyenera kuwaweruza, popeza katswiri wosasindikiza kanthu kwa zaka zitatu zotsatizana amakhala atatsekeredwa kale kunja kwa mipikisano yambiri ya ndalama.

Mipata ya pambuyo pa udokotala imene yakhala yotseguka kwa Mmalawi imasiyana makamaka pa funso la kumene munthuyo akakhale. Ina imamutengera kunja. Georg Forster Research Fellowship ya bungwe la Alexander von Humboldt imapereka miyezi 6 mpaka 24 ku Germany kwa ochokera m'maiko osauka amene sanapitirire zaka zinayi chitengereni udokotala. Bungwe la TWAS la ku Trieste limatumiza akatswiri ku maiko monga India, Brazil ndi China. Ndipo Borlaug Fellowship ya unduna wa zaulimi wa ku America yakhala ikupereka masabata 8 mpaka 12 okha, ndi dongosolo loti mkulu womuunikirayo adzamuyendere kwawo pambuyo pake. Mipata yotere imapatsa munthu labotale yokwanira, magetsi osazima ndi anzake oti adzagwire nawo ntchito moyo wonse, koma singamupatse munda wa chinangwa wa m'dothi la mchenga la ku Chintheche. Ina imamusunga mu Afrika. RUFORUM, ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku New York, yakhala ikupereka thandizo la postdoc kwa amene abwerera ku mayunivesite awo, pamodzi ndi udindo woyang'anira ophunzira a masitazi. International Foundation for Science ya ku Stockholm idadziwika kwa zaka zambiri ndi ndalama zochepa, pafupifupi madola 12,000, zogulira zipangizo ndi kuyendera m'minda. Ndipo FLAIR, imene idayambitsidwa ndi African Academy of Sciences ndi Royal Society ya ku London, inkapereka mpaka mapaundi 150,000 pachaka kwa zaka ziwiri. Palinso AWARD, yoyamba mu 2008 ku Nairobi, imene cholinga chake chachikulu ndi kulumikiza amayi ochita kafukufuku wa zaulimi ndi akuluakulu owaunikira ndi kuwaphunzitsa utsogoleri, ndipo Malawi adali m'gulu la maiko oyamba kupindula nayo. Pafupifupi mipikisano yonseyi imafuna zinthu zofanana, zomwe ndi kalata ya malo olandira, zolemba zosindikizidwa kale ndi pempho la kafukufuku lotheka kumalizidwa m'nthawi yoikika.

Nthawi yoikikayo ndiyo imasemphana kwambiri ndi chinangwa. Chinangwa chimakhala m'munda miyezi 12 kapena kuposerapo, ndipo mitundu yowawa alimi amatha kuisiya nthawi yaitali kuposa apo. Wopanga mtundu watsopano amayamba ndi kukwatitsa maluwa a mitundu iwiri kuti apeze njere, amafesa njerezo zikwizikwi, amasankhapo mitengo yolonjeza, ndipo chaka ndi chaka amaibzala m'mizere yochulukirapo pa malo ochulukirapo, kufikira itayesedwa m'minda ya alimi ndi kuvomerezedwa ndi komiti ya boma yoona za maluso atsopano a ulimi. Popeza chinangwa chimabzalidwa ndi mitengo, ndipo mtengo umodzi umapereka zidutswa pafupifupi 10 zokha pomwe njere imodzi ya chimanga imabereka mazana, gawo lililonse limachedwa ndi kusowa kwa mbewu yokwanira. Ulendo wonse umatenga zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo, ndipo mitundu monga Mkondezi, Silira, Maunjili, Sauti ndi Sagonja idatuluka m'njira yaitali yomweyi. Fellowship ya zaka ziwiri, mukachotsapo miyezi yodikira ndalama kulowa ndi miyezi yolemba lipoti, imakwanira kukolola kamodzi kapena kawiri. Zotsatira zake n'zoti wopempha wanzeru amasankha funso lotheka msanga, monga kusanthula zitsanzo za masamba mu labotale kapena kufunsa mabanja mafunso, ndipo funso lalitali limene mlimi akulidikira limasowa mwini.

Matenda owoletsa mizu ya chinangwa, amene akatswiri amawatchula ndi zilembo zoti CBSD, akuonetsa vutoli poyera. Matendawa adafotokozedwa koyamba ku Amani, m'dziko la Tanganyika, mu 1936, ndipo pofika 1950 zidali zitalembedwa kuti aliponso m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Amayambitsidwa ndi mavairasi amene amafalikira ndi tintchentche toyera komanso ndi mitengo yodwala imene alimi amagawana, ndipo kuipa kwake n'koti munda umatha kuoneka bwino pamwamba, mlimi n'kudzazindikira pozula kuti mkati mwa mizu muli zigamba zouma zofiirira zosadyeka. Kuti mtundu udziwike ngati ukupirira, uyenera kubzalidwa kumene matendawa ndi ochuluka, ndiye kuti kunyanja kotentha, kwa nyengo zingapo, ndipo mizu iyenera kudulidwa umodziumodzi pokolola; koma kuti vairasi idziwike mtundu wake pamafunika makina a PCR, amene amachulukitsa tizidutswa ta chibadwa cha vairasiyo mpaka tioneke. Ntchito imodzi yomweyo, tsono, ikufuna munda wa ku Mkondezi ndi labotale ya kutali. Pulojekiti ya 5CP, imene IITA idatsogolera kuyambira 2012, idathandiza Malawi, Mozambique, Tanzania, Kenya ndi Uganda kusinthana mitundu yawo yabwino itayeretsedwa ku mavairasi, ndipo pulojekiti ya NextGen Cassava ya Cornell University idayesa kufupikitsa zaka za kasankhidwe poneneratu khalidwe la mbewu kuchokera ku chibadwa chake, makamaka ku Nigeria, Uganda ndi Tanzania. Maluso oterewa ndi amene postdoc ya kunja ingaphunzitse bwino, koma kulosera kwa kompyuta kumadalira ziwerengero zochokera m'minda yeniyeni, ndipo ziwerengero za ku Ibadan sizingalowe m'malo mwa za ku Nkhata Bay.

Pa funso la wolipira, mbiri ya zaka zaposachedwa ndi yochenjeza. FLAIR idadulidwa mu 2021 pamene boma la Britain lidachepetsa ndalama zothandizira maiko ena, ndipo kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kudaimitsa ntchito zambiri za kafukufuku wa zaulimi zimene zinkalumikiza mayunivesite a ku America ndi a mu Afrika. Kumbali ya dziko lino, atsogoleri a mu Afrika adagwirizana ku Maputo mu 2003 zoika magawo 10 pa 100 a bajeti ku ulimi, ndipo Malawi nthawi zambiri wakhala akufika pa mulingowo, koma gawo lalikulu la ndalamazo lakhala likupita ku zipangizo zotsika mtengo, poyamba kudzera mu FISP kuyambira 2005, kenaka AIP kuyambira 2020, zimene kwenikweni ndi feteleza ndi mbewu ya chimanga. Ngakhale dongosolo la APPSA la World Bank, limene lidayamba mu 2013 ndipo lidathandiza kuphunzitsa akatswiri ndi kukonza malo a kafukufuku, lidapatsa Malawi utsogoleri pa ulimi wa chimanga, Mozambique pa mpunga ndi Zambia pa mbewu za mtundu wa nyemba. Kugwa kwa kwacha ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023 kudakweza mtengo wa chilichonse chogulidwa kunja, kuyambira mankhwala a mu labotale mpaka ndalama zosindikizira zolemba. Bungwe la boma la National Commission for Science and Technology limapereka ndalama za kafukufuku, koma dziko limene silinakhazikitse malo akeake a postdoc limakhala likulola kuti mafunso a akatswiri ake asankhidwe ndi komiti zokhala ku Bonn, London kapena Seattle, zimene zolinga zake zingakhale zabwino koma zimasintha ndi ndale za kwawo.

Mbali ina imene mafomu a mipikisano saiwerengera ndi chiyankhulo ndi chikhalidwe cha malo. Alimi a chinangwa a ku Chintheche ambiri ndi amayi oyankhula Chitonga, amene amasiyanitsa mitundu poona mtundu wa tsinde, kaonekedwe ka masamba, kuyera kwa ufa ndi kakomedwe ka nsima yake, ndipo mtundu wobereka kwambiri umene kondowole wake sakoma amangousiya m'mphepete mwa munda. Katswiri wa pambuyo pa udokotala amayesedwa ndi chiwerengero cha zolemba za m'Chingerezi, pomwe kubwezera zotsatira kwa alangizi a m'dera la zaulimi la Chintheche ndi kwa alimi amene adapereka minda yawo sikumuonjezera kanthu pa mpikisano wotsatira. Malire a zaka zakubadwa kapena zaka chitengereni digiri nawonso amapweteka amayi amene adaima kaye chifukwa cha uchembere, ngakhale mabungwe ena tsopano amachotsera nthawi imeneyo. Vuto lija la nthawi yoikika likupezekanso pa nthochi, zimene matenda a chisaka adaziwononga m'madera a kunyanja kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndi pa usipa, umene kuchuluka kwake kumasinthasintha chaka ndi chaka kotero kuti kafukufuku wa nyengo imodzi sanena zambiri.

Poyerekeza zonsezi, dongosolo looneka loyenerera dera ngati ili ndi lija losunga katswiri kwawo n'kumamutumiza kunja kwa miyezi yochepa pa ntchito yodziwika, monga mmene African Centre for Crop Improvement idachitira pa mlingo wa udokotala. Pa mlingo wa postdoc zikadatanthauza kuti munthu alembedwe ndi LUANAR kapena Mzuzu University, amasulidwe ku gawo lalikulu la kuphunzitsa mwa pangano lolembedwa, minda yake yoyeserera ikhale ku Mkondezi ndi m'midzi ya kumwera kwa bomali, ndipo zitsanzo zake azikazisanthula ku Chitedze kapena ku labotale ya kunja. Popeza palibe fellowship imodzi yotalika ngati ulendo wa mtundu watsopano wa chinangwa, ntchitoyo iyenera kukhala ya malo a kafukufukuwo, kuti wolowa m'malo apeze mizere, mabuku a ziwerengero ndi alimi omwewo, n'kuyambira pamene mnzake adalekezera. Zimenezi zimadaliranso anthu amene mipikisano siiwatchula n'komwe, omwe ndi othandizira kafukufuku a satifiketi ndi dipuloma, ambiri mwa iwo ophunzira ku Natural Resources College, amene amayeza minda, kulemba zizindikiro za matenda mwezi ndi mwezi ndi kusunga mitundu yakale kuti isatayike. Mtengo wa malo awiri kapena atatu otere pachaka ndi wochepa poyerekeza ndi bajeti ya feteleza, ndipo ukhoza kulowa m'ndalama za DARS kapena za National Commission for Science and Technology popanda kudikira lamulo latsopano.